Duku Limene Linayesa Mpweya

Iwe Tadala, siya nsaluyo. Ndakuona ukuitulutsa m'sutikesi mwanga, ndipo ndadziwa kale kuti ukufuna kupukutira nsapato zako zoyerazo poti waona ili ndi banga. Bwera nayo kuno. Itananso abale ako mukhale pakhonde pano, mafoniwo muyambe mwaika pansi. Sindikukalipa ayi. Kungoti nsalu imeneyi ikanapanda kuthimbirira chonchi, bambo anu Wongani akanakula mwana wamasiye, ndipo azakhali anu awiri aja sakanabadwa n'komwe. Limeneli ndi duku la agogo anu aakazi, NyaManda.

Ndiyankhula m'Chichewa, poti Chitonga chinakuthawani ku Lilongwe kwanuko. Mumangodziwa "yewu" wothokozera uja basi, nayenso mumamutchula ngati mukuyetsemula.

Inu ana mumandidziwa ngati nkhalamba yolima chinangwa, yokonda kuwodzera m'tchalitchi. Koma ndili mnyamata, ntchito yanga inali pansi pa madzi. Nthawi ya chipani chimodzi kunabwera mzungu wina kufupi ndi Kande kuno, wofuna tinsomba ta m'miyala tija, mbuna, tamawangamawanga. Sankatidya. Ankatitumiza kunja tili tamoyo, kuti anthu akatiike m'magalasi m'nyumba zawo n'kumangotiyang'ana. Amayi anga atamva zimenezi anaseka mpaka misozi. "Nsomba yoonerera? Nanga ndiwo adya chiyani anthu amenewo?" Mzunguyo tinkamutcha Chipewa, chifukwa chipewa chake sankavula, kaya m'boti, kaya pakudya, kaya pamaso pa amfumu.

Kuti munthu ukhalitse pansi, pankafunika kompuresa. Anali makina aang'ono okhala pakati pa boti: injini ya petulo mbali iyi, chopopa mpweya mbali inayo, lamba pakati. Mpweya unkadutsa m'kachitini kachitsulo kotchedwa fyuluta, kamene ntchito yake inali kusefa zoipa, kenaka unkalowa m'paipi yaitali n'kundipeza ine pansi nditaluma chakukamwa cha raba. Anthu a kuno ankati ndi chigayo cha pamadzi chifukwa cha phokoso lake. Woyang'anira makinawo anali mlamu wanga Yotamu, mchimwene wa NyaManda. Iye pamwamba, ine pansi, chingwe m'chiuno mwanga, nsonga yake m'manja mwake. Ndikakoka, iye ankayankha pokoka. Umo ndi mmene tinkachezera tsiku lonse, ndipo sitinakanganepo, chifukwa pachingwe sipadutsa mwano.

Ntchitoyo ndinkaikonda, sindinganame. Masiku amenewo sunkalowa mumsika wa pa Chintheche, sunkakwera basi, popanda anyamata kukufunsa khadi la chipani. Pansi pa nyanja ndi malo okhawo amene palibe anandifunsapo khadi. Kunali zii, miyala ikuluikulu ngati nyumba, ndi tinsomba tobwera kudzandisuzumira pagalasi la kumaso ngati ana a pamudzi akaona mlendo.

Koma ndinkavuuka mutu ukuwawa. Tsiku lililonse. M'kamwa munkakhala kukoma kwa oyilo, moti kondowole wa NyaManda, amene anthu ankamudziwa mpaka ku Bandawe, ine ndinkamumva ngati ndikutafuna chiguduli cha makanika. Iye ankandinunkhiza ndikangolowa pakhomo, akunditchula Ada monga timatchulira abambo kuno.

"Ada, mukununkha ngati chigayo."

"Ndi fungo la ntchito limenelo," ndinkatero ine. "Wolima amakhala ndi matuza, wolowa m'madzi amakhala ndi mutu."

Ndinkakhulupiriradi choncho, ndipo Yotamu nayenso ankakhulupirira choncho. Fyuluta ija palibe anali ataitsegulapo. Tinkaiona ngati chinthu chobadwa ndi makinawo, ngati mchombo pa munthu.

Tsono kunadza tsiku lina m'nyengo yotentha, mango asanapse, nyanja ili bata. NyaManda anali ndi pakati pa bambo anu. Tinakocheza boti pamiyala ina kuseri kwa phiri, osadziwa kuti pamudzi wa pagombe pomwepo pagwa maliro a mkulu wina. Ine ndinali nditalowa kale. Zimene zinachitika pamwamba ndinazimva pambuyo pake. Akuti kunabwera bwato ndi akuluakulu awiri, n'kumuuza Yotamu mwaulemu kuti, "Ada, kumtundaku tikulira. Chigayo chanuchi chikuphimba nyimbo."

Mukudziwa inu, kwathu kuno maliro sapikisana ndi phokoso. Wailesi imazimitsidwa, wapanjinga amatsika, ukonde sulowa m'madzi. Yotamu anagwidwa ndi manyazi aakulu. Kuzimitsa injini sakanatha, poti ine ndinali pansi. Kundikoka anaona ngati kutaya tsiku, pamene Chipewa anali atanena kuti galimoto yonyamula nsomba ikudikira. Ndiye anachita chimene munthu aliyense woleredwa bwino wa kuno akanachita. Anatenga masaka, n'kuwanyowetsa, n'kufunditsa makina onse, pamwamba pake n'kuyalapo mphasa. Phokoso linachepadi. Akuluakulu aja anathokoza n'kubwerera.

Chimene mlamu wanga sanadziwe n'chakuti pansi pa masaka aja, utsi wa injini unalibenso kolowera. Unkangozungulira n'kulowa pakamwa pa chopopa mpweya, n'kutsika ndi paipi kubwera kwa ine.

Musaganize kuti ndinamva kupweteka. Ayi, ndipo kuopsa kwake n'komweko. Ndinangomva tulo tokoma, ngati ta masana utadya bwino. Kaukonde kanapulumuka m'manja, ine n'kumangokayang'ana kakugwa, osadandaula. Ndikukumbuka kuti ndinatsamira mwala ndi kuganiza kuti, ndipumeko pang'ono. Basi.

Pamwamba Yotamu anaona kuti thovu langa laima malo amodzi ndipo likuchepa. Anakoka chingwe, zii. Anakokanso, zii. Munthu uja anali wochepa thupi, miyendo ngati bango, koma anandizula pansi paja yekha, manja ake mpaka kusupuka. Ndinadzidzimuka ndili chagada m'boti, ndikusanza, iye akundigwedeza, akulira ngati mwana. "Mlamu! Mlamu! Chiuta wangu, ndikamuuza chiyani NyaManda?" Anthu a pamaliro paja ndi amene anasiya nyimbo n'kundinyamula pamachira kupita nane kuchipatala. Mpaka lero ndikadutsa pamudzi umenewo ndimatsika njinga, kaya pali maliro kaya palibe.

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike. Aliyense anali ndi yankho lake kale: malemu anandikoka mwendo chifukwa ndinalowa m'madzi tsiku la maliro awo. Amayi anga anakhulupirira. Yotamu anakhulupirira. Ine ndemwe, mutu ukung'ambika pabedi paja, ndinayamba kupepesa mumtima kwa munthu amene sindinamuonepo.

Pachipatalapo panali dokotala wathu, a Chadza, amene boma linawatumiza kuchokera ku Dedza. Chitonga sankachimva, ndipo kutentha kwa kuno kunkawazunza, moti ankayenda ndi kathawulo pakhosi. Anandiyang'ana m'maso, anandifunsa za mutu, za kusanza, za tulo tija. Kenaka anafunsa funso limene linaseketsa wodi yonse.

"Bambo Mhone, kodi mudagona ndi mbaula m'nyumba?"

Mbaula! Kuno, mwezi umene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa! Mayi wina wodikirira wodwala anati, "Adokotala, kuno tikagona ndi mbaula ndiye kuti tikufuna kudziwotcha ngati usipa."

Iwo sanaseke. "Kwathu ku Dedza kumazizira," anatero. "Chaka chilichonse ndinkalandira anthu otere. Atseka zitseko ndi mawindo, aika mbaula pakati, m'mawa sadzuka. Amene adzuka amanena zomwe mukunenazi. Ngati simudagone ndi mbaula, ndiye kuti mbaulayo ili m'boti mwanu. Ndikufuna ndikaione."

Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ife ana a m'nyanja, odziwa mphepo iliyonse ndi dzina lake, matenda amenewa sitikanawadziwa, chifukwa sitinagonepo ndi moto m'nyumba yotseka. Anatidziwira ndi munthu wa kumapiri amene sankatha ngakhale kusambira.

Nditapezako bwino, a Chadza anapalasa njinga yawo kubwera kugombe kumene boti linkagona. Chipewa analipo, Yotamu analipo, ine ndinakhala pamchenga poti miyendo inali idakali yofooka. Yotamu anaonetsa mmene anafunditsira masaka. Adokotala analoza potulukira utsi, analoza pokokera mpweya, malo awiriwo otalikirana ngati chikhatho chimodzi. Panalibenso chofotokoza. Mlamu wanga anangokhala pansi n'kugwira mutu.

"Musadzizunze, bambo," anatero a Chadza. "Inu mudalemekeza maliro, ndipo ndinu mudamuvuula. Koma mutu wa masiku onse uja sudayambe ndi masaka. Pali china."

Chipewa anapukusa mutu. Chichewa chake chinali chodukaduka. "Makina bwino. Masaka oipa. Chotsa masaka, mawa ntchito."

"Tiyese," anatero adokotala. "Ndipatseni nsalu yoyera, yoyera kwenikweni."

Tinayang'anana. Pagombe la asodzi nsalu yoyera uipeza kuti? Kathawulo kawo kanali kofiirira ndi thukuta. Mpango wa Chipewa unali wamizeremizere. Malaya anga musafunse. Nthawi yomweyo NyaManda anali atangofika kuchokera kumsonkhano wa amayi a kumpingo, atavala zoyera zake, mimba patsogolo, ataima chapatali monga amachitira amayi pakakhala abambo. Duku loyera limene anavala kumutu linali limodzi lokha. Ankalichapa padera, kulisita ndi simbi ya makala, kulisunga m'pepala. Ine sindinkaloledwa ngakhale kulikhudza.

Anayenda kubwera pakati pathu, n'kumasula duku kumutu, pamaso pa abambo onse aja ndi mzungu yemwe. Inu ana a lero simungamvetse, poti mumayenda mitu ili pamtunda ngakhale m'tchalitchi. Masiku amenewo, mayi wa mumpingo kuvula duku pagulu chinali chinthu chachikulu. Asodzi amene ankasoka maukonde chapafupi anayang'ana kumbali.

"Yesani apa," anatero.

Yotamu analiza injini, popanda masaka. A Chadza anaphimba kukamwa kwa paipi ndi dukulo n'kugwira kwa kanthawi, mpweya ukudutsa. Atachotsa, pakati pake panali banga ili mukulionali, lachikasu chofiirira, lonyowa, lonunkha oyilo. NyaManda analitenga, analinunkhiza, n'kupita nalo kwa Chipewa. Sanakweze mawu.

"Bwana, ichi n'chimene mwamuna wanga amameza tsiku lililonse?"

Ndikuuzeni kuti zaka zimenezo mawu a mzimayi ankaopedwa. Akanangopita kukadandaula kwa apampando a chipani, munthu wakunja ankatha kuuzidwa kuti alongedze. NyaManda sanatchule zimenezo, ndipo sanaziganize n'komwe. Kaya Chipewa anachita mantha, kaya manyazi, kaya zonse ziwiri, sindikudziwa. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti anayang'ana bangalo nthawi yaitali, anayang'ana mutu wa NyaManda uli pamtunda, kenaka anavula chipewa chake. Kanali koyamba. Anali ndi dazi lofiira ngati phwetekere, ndipo palibe anaseka. Anatenga sipanala, natsegula fyuluta ija. M'kati munatuluka phala lakuda, lonunkha, limene kale linali thonje ndi makala.

"Palibe kulowa m'madzi," anatero, "mpaka zatsopano zibwere."

Zatsopanozo zinkachokera ku Blantyre, ndipo zinayenera kudikira sitima ya pamadzi. Inu mumadina foni, katundu n'kufika mawa lake. Ife tinadikira mpaka mango anapsa, anatha, mvula inagwa. Ndinabwerera kukhasu. Ndipo mlamu wanga, mtima wake wosakhazikika uja, anaganiza zothandiza. Anamva kuti m'fyuluta mumakhala makala. Ndiye anatenga makala a kukhitchini kwa mkazi wake, anawasinja mumtondo, anadzaza m'kachitini kaja, n'kundiitana monyadira kuti ndidzaone. Mwamwayi anayamba wayesa yekha pamtunda. Analuma chakukamwa, anakoka mpweya kamodzi, n'kutsokomola utsi wakuda, mano ndi lilime bii ngati wadya mphika. NyaManda anaseka mpaka tinaopa kuti mwana abadwa pomwepo. Safunsa anadya phula, koma mlamu wanga anadya makala.

Katunduyo atafika, tinamanga pansi pa mtengo wa mango, Chipewa akuwerenga pepala la malangizo, Yotamu akugwira sipanala. M'malo mwa kachitini kamodzi kaja panabwera zitini ziwiri zazitali ngati mkono. Choyamba chinali chotchera madzi ndi oyilo, chokhala ndi kampopi kunsi kwake kotsegula pafupipafupi kuti zoipazo zituluke. Chachiwiri tinachiyala m'kati mosanjikiza: nsalu yokhuthala ngati ya bulangete pansi, pakati makala ake ake a fyuluta, a timibulu ngati mapira, obwera m'chitini chomata kuti asapume mpweya wa panja, ndipo pamwamba nsalu ina yokhuthala yoletsa fumbi la makalawo. Oyilo wa galimoto amene tinkathira m'chopopa tinamusiya, kunabwera wake wa kompuresa. Ndipo Chipewa analamula kuti makalawo azisinthidwa asanatope, osadikira kuti munthu amve fungo.

Koma a Chadza, amene anabweranso ndi njinga yawo kudzaona, anatichenjeza chinthu chimene ndikufuna nanunso muchisunge. "Duku limaona oyilo yekha," anatero. "Utsi wakupha uja ulibe mtundu, ulibe fungo, ndipo makalawa saugwira. Mankhwala ake ndi amodzi: mphuno ya makina ikhale kutali ndi utsi." Ndiye Yotamu anadula nsungwi yaitali, anaimika kutsogolo kwa boti, n'kumangirira paipi yokokera mpweya pamwamba pake. Kunsonga anapachikako kansanza koonetsa kumene mphepo ikuchokera. Kaya ndi mwera, kaya ndi mpoto, ankatembenuza boti kuti nsungwi ikhale kochokera mphepo, utsi uzipita kumbuyo. Asodzi ankatiseka kuti boti lathu lamera nyanga. Za maliro tinagwirizana chimodzi: tikamva nyimbo kumtunda, andikoke, tizimitse injini, tipite tikakhale nawo.

Tsiku lobwerera m'madzi ndinali ndi mantha, sindibisa. Bambo anu anali atabadwa, ali kumsana kwa amayi awo. NyaManda anabwera kugombe ndi kansalu koyera kong'amba pa nsalu yakale ya pabedi, anakagwira yekha pakamwa pa paipi, anakayang'ana padzuwa, anakanunkhiza. Mbee.

"Lowani, Ada," anatero.

Ndinatsika, ndinakoka mpweya, n'kudabwa. Sunkakoma kanthu. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti mpweya wa pansi pa nyanja umakoma oyilo mwachibadwa. Ndinakhala pamwala n'kumangopuma, tinsomba tikundizungulira, ndipo ndinalira m'galasi momwemo. Madzulo ake kondowole anakoma ngati kondowole.

Kuyambira pamenepo sindinalowepo m'madzi iye asanayese. Kaya takangana usiku wake, kaya sakundiyankhula, m'mawa ankabwera ndi kansalu kake, kuyesa, n'kunena mawu awiri omwe aja, kenaka n'kupitiriza kusandiyankhula. Duku lija analichapa ndi sopo, ndi mandimu, ndi phulusa, banga osachoka. Chipewa anamugulira lina, koma ili analipinda n'kulisunga. Ntchito ya nsomba inadzatha, Chipewa anapita kwawo, a Chadza anawasamutsira kwina ndipo sindinawaonenso. Yotamu tinamuika zaka zapitazo. Onsewa ndimawatchula m'pemphero, ngakhale mzungu uja, chifukwa munthu wovomera kuti walakwa n'kukonza sapezeka pamsika.

Chaka chatha chija, inu muli kusukulu, agogo anu atagonekedwa m'chipatala chifuwa chitawatsekera, anamwino anabweretsa makina a mpweya, n'kuwaika timapaipi m'mphuno. Ine nditaona paipi, ndinatuma bambo anu kuti akanditengere dukuli kunyumba. Ndinapempha namwino, mtsikana waulemu wa ku Mulanje, kuti andilole ndiyese. Anandiyang'ana ngati nkhalamba yasokonezeka, koma anandilola. Ndinagwira kona yoyera ya duku pakamwa pa kapaipi. Ndinaliyang'ana powala pa windo. Ndinanunkhiza. Mbee.

NyaManda anali akundiyang'ana nthawi yonseyi. Mawu anali atatsala pang'ono, koma anamwetulira.

"Ada, mwayamba liti kuyesa?"

"Lero," ndinatero. "Mpweya uli bwino. Pumani, NyaManda."

Anapuma nawo mpaka tsiku limene Chiuta anawaitana. Iye anandiyesera mpweya zaka zonse zija, ine ndinamuyesera kamodzi kokha, koma ndikuthokoza kuti kamodziko ndinapatsidwa.

Tadala, pukuta m'masomo, usadonthezere pansaluyi. Ipinde momwe unaipezera, banga likhale m'kati, ukaibwezere pansi pa jekete langa lakuda. Nsapatozo ukapukutire chiguduli chili kuseri kwa chitseko.